Chipinda Chimene Ndinamukaniza Marvin

Thamesmead, London
14 Okutobala 2006

Okondedwa achimwene a Biswick,

Muli bwanji ku Mulanjeko? Nanga alamu, miyendo ija yasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, ntchito yosamalira okalamba ikuyenda, koma mtima ayi.

Kalata yanu ndalandira. Mukuti pa mwambo wa chiliza cha Marvin mwezi wamawa mudzandithokoza pagulu poti ndinasunga mwana wanu kuno ngati wanga. Chonde musatero. Khalani kaye pansi muwerenge.

Ndinakuuzani kuti khoti ndi limene linakana kumupatsa chithandizo. Achimwene, ndinanama.

Atamugwira kachitatu akuba m'sitolo ku Lewisham, anandiimbira foni mayi wina wa kukhoti, dzina lake Jennifer. Anati kuno munthu woba chifukwa cha chibaba cha mankhwala osokoneza bongo akhoza kuthandizidwa m'malo mopita kundende: kulandira mankhwala kuchipatala, kuyezedwa kawiri pa sabata, kukaonekera kwa woweruza mwezi ndi mwezi. Marvin anali atavomera kale. Chinatsala n'chimodzi basi, pokhala pokhazikika. Iye anatchula kwa azakhali ake, kwa ine.

Linali Lachinayi. Pabalaza panga panali amayi a Mvano, mabulauzi oyera mbee, tili pakati pa nyimbo, wapampando ndili ine. Ndinathawira kukhitchini ndi foniyo, n'kunong'ona kuti malo ndilibe, chipinda chinacho chadzaza katundu wotumiza kumudzi.

Katundu analimodi, ndi suti ija munavala pamaliro inali momwemo. Koma kunena zoona, bedi likanakwana. Anali manyazi, achimwene. Amayi aja ndinkawauza kuti Marvin ali ku koleji, ndiye adzamuone akunjenjemera pakhomo panga?

Jennifer anafunsa kachiwiri ngati ndatsimikiza. Ndinati eya, n'kubwerera kukamaliza nyimbo.

Anamutsekera miyezi isanu. Zotsatira mukuzidziwa: tsiku lachitatu atatuluka anamupeza m'chimbudzi cha pasiteshoni atazizira kale. Adokotala anati anabwerera ku mankhwala osokoneza bongo aja, koma thupi linali litaiwala mlingo wake wakale.

Chimene simukudziwa ndi kalata imene anandilembera ali kundende. Anati ndisadandaule, akudziwa kuti chipindacho n'chodzaza, ndipo akatuluka adzandithandiza kumanga makatoni. Mayo ine! Mwanayo anandikhulupirira, n'chifukwa chake ngakhale atatuluka sanabwere kudzagogoda.

Katundu uja anapita kalekale. Chipinda chili chopanda kanthu, ndinaikamo bedi, ndimasintha zofunda sabata iliyonse. Lachinayi pa Mvano tikangofika pa ndime ya nyimbo ija, ndimamva foni ikulira kukhitchini. Anzanga saimva. Ndimapitabe, n'kuitenga, n'kunena kuti abwere, malo alipo. Kumakhala zii.

Zoti mundikhululukire sindikupempha lero, mudzaona nokha. Pempho langa ndi ili. Kumudziko anthu akuti mwana wanu anasankha yekha kuonongeka, ndipo alamu akudzifunsa pamene analakwitsa pomulera. Nthawi imene munasungira kundithokoza ija, mudzaimirire mu suti yomweyo, mudzawauze kuti Marvin anavomera kuchira. Amene anakana ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi mwana wanu Atikonda, ngati mungathe kutchulabe dzina langa pakhomopo. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie