Ndagula Gitala, Rhéal

Lamèque, New Brunswick
Mwezi wa Novembala

Wokondedwa mwana wanga Rhéal,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi apongozi anga a Josée ndi mdzukulu wanga Noémie. Chifuwa cha mwanayo chinatha? Nanga msana wako, ukuuzunzabe ndi zigalimoto za kumgodi kwanu ku Alberta? Ine kuno ndadzuka, bondo lokhali ndi limene likumandiuza za nyengo wailesi isananene. Chisanu chayamba, maboti onse a nkhanu awakokera kumtunda.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni ukandifunsa kuti muli bwanji Amayi, pakamwa panga pamayankha pokha kuti ndili bwino. Tsiku lija unandiuza kuti Khirisimasi ino simubwera chifukwa cha ntchito, koma munditumizira tikiti ya ndege, ndinati chabwino. Sichinali chabwino. Lero undimvere mpaka ndimalize.

Ndagula gitala. Seka, ndikudikira.

Paja gitala ya bambo ako ndiwe unaiika m'bokosi lawo la maliro, pambali pa dzanja lawo. Ndinavomera ndipo sindikudandaula, inali yawo. Kungoti sindinaganize kuti tsiku limenelo tikukwiriranso phokoso lonse la m'nyumba muno. Chimwalirireni bambo ako a Donat, madzulo ndimamva firiji ndi wotchi basi. Ndinayesa wailesi, ndinayesa TV, zonse zimangolongolola osandiona. Ndiye ndinati bwanji ndiphunzire kuimba ndekha, zala ndili nazo.

Sabata yatha Édithe, mnzanga wa nyumba yoyandikana ndi yathu uja, anandiperekeza ku Bathurst kwa dokotala wa maso. Pobwerera ndinamuuza kuti aime pa sitolo ya zoimbira. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti iwe Célanie, zala zimene zikulephera kutsegula botolo la jamu ndi zimene zikagwire nsambo? Akuti ukayambitsa bandi undilembe ntchito yovina, chiuno ndikadali nacho. Ndinamuuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, aimike galimoto.

Mkatimo magitala anali atapachikidwa pakhoma ngati nsomba zoyanika. Mwini sitoloyo ndi bambo wa ndevu zaimvi, dzina lake Aurèle. Anandifunsa ngati ndikugulira mdzukulu. Nditamuuza kuti ndi yanga sanaseke, ndipo pamenepo ndinamukonda.

Ndinaloza ina yofiira, yonyezimira kwambiri. Iye anapukusa mutu. Akuti mayi, imeneyo ndi nkhope chabe. Thabwa lake lapamwamba ndi timatabwa topyapyala tomata ndi guluu, ndipo mmene ikulirira lero ndi mmene idzalirire mpaka kale. Anandionetsa m'mphepete mwa bowo lapakati lija, kuti gitala yabwino pamwamba pake pamakhala thabwa lenileni, mizere ya mtengo imaoneka ikudutsa mpaka mkati. Akuti yoteroyo ikamakalamba mawu ake amanka nakoma, bola ngati pali woiimba.

Ndinakumbukira ya bambo ako, yokalika paliponse, ndi chipsera cha ndudu pamutu pake. Ndikawaseka kuti gitala yanuyi ndi yonyansa, ankati eya, yatengera mwini wake, ukaipa dziwa nyimbo.

Aurèle anandiphunzitsa kuyang'ana khosi la gitala ndi diso limodzi, monga amachitira akalipentala ndi thabwa, kuona ngati lapindika. Anandionetsanso kuti nsambo zikatalikirana kwambiri ndi khosi zimacheka zala, munthu n'kugwa ulesi. Kenako ananditsitsira ina yaing'ono ya mkungudza, akuti iyi ndiye ya msinkhu wanu. Anandikhazika pampando, nandiika zala pamalo pake, ine n'kukhwaya nsambo.

Inalira, koma si kulira kumene ndinkafuna. Anandipatsa ina. Ndi inanso. Zonse zinkamveka ngati zikulirira m'kabati. Ndinamuuza choncho, osabisa. Édithe anali atayamba kale kuyang'ana wotchi, akuti tiye mnzanga, zonsezi zikungoti gwe gwe mofanana, nkhuku yanga ndaisiya panja pa firiji.

Aurèle sanakhumudwe. Anakanda ndevu, n'kundifunsa kuti kodi malemu amuna anu akamaimba, inu munkakhala pati? Ndinati pa sinki, ndikutsuka mbale, iwo ali pampando wawo wa pafupi ndi chitofu.

Akuti ndiye nkhani yake ndi imeneyo, mayi. Inu gitala simunaimverepo kumbuyo. Mawu ake amatulukira kutsogolo, kupita kwa womvera, woimbayo amangodya makombo. Akuti n'chifukwa chake gitala sasankha munthu ali yekha, pamafunika wina aimbe, wina aime patsogolo.

Anandiuza kuti ndikaime pafupi ndi chitseko. Anatenga yaing'ono ija n'kuimba, ndipo inamveka bwino ndithu kuposa mmene inkamvekera pamiyendo panga. Anaimba ina, nayonso inali bwino. Kenako anatsitsa chigitala china chachikulu, chopanda maluwa aliwonse, n'kuyamba nyimbo ija amavina okalamba pa maukwati kuno.

Rhéal, ndinatchera khutu. Sinali gitala ya bambo ako, ndipo zala sizinali zawo. Koma kugunda kuja kwa nsambo zazikulu, kumene kumakufika pachifuwa kusanafike m'makutu, kunali komweko. Ndinalira pamaso pa anthu, ine amene sindinalire ngakhale kumanda. Édithe anasiya nthabwala, anangondipatsa kansalu kake.

Pachitseko pomwepo ndinazindikira kuti ndinalakwitsa masamu. Ndikhoza kuphunzira mpaka zala kuchita zikang'a, koma chimene ndikuchisowa sindingadzichitire ndekha. Zaka zonsezi ine ndinali woima kutsogolo.

Komabe ndinagula. Mtengo wake usandifunse, ndalama ndi zanga. Aurèle anandipatsa kasiponji konyowa ka m'kabokosi koti ndiziika m'chikwama chake, akuti m'nyengo yozizira moto wa m'nyumba umaumitsa thabwa mpaka kung'aluka. Akuti muziimwetsa madzi ngati duwa, ndipo isagone pafupi ndi chitofu. Tsopano ndili ndi china chodzukira m'mawa. Ndimanyowetsa siponji, ndimaipukuta, nthawi zina ndimaikhwaya kamodzi n'kuthamangira kutsogolo kwake kuti ndimve, koma ndi bondo langali ndimafika mawu atatha.

Bambo mfumu anabwera kudzandiona, ndinawapempha kuti ayese. Akuti Mulungu anawapatsa pakamwa pokha, manja anawamana. Mwamuna wa Édithe amadziwa pang'ono, koma nyamakazi inamupinda zala. Oimba onse a m'badwo wa bambo ako ali kumanda, ana awo muli konko ku Alberta.

Ndikudziwa zimene unene. Unena kuti bwerani kuno Amayi, kuli chipinda, kuli mdzukulu. Ndinabwera chaka chija, sindinaiwale. Iwe unkachoka kusanache, a Josée kuntchito, mwana kusukulu, ine n'kutsala pazenera kuwerenga magalimoto. Kusungulumwa kwa kwanu kuja kunaposa kwa kuno, chifukwa kuno ngakhale makoma amandidziwa. Sindikunyoza nyumba yako, mwana wanga, munandisamala bwino.

Usanenenso zoti udzandiimbira pafoni. Pa kanema wa pafoni nkhope yako imaima, mawu n'kumatuluka ngati udzudzu.

Tsono imva chimene sindinakambirane ndi wina aliyense, ngakhale Édithe amene anachiona ndi maso ake. Gitala imene ndinagula si yaing'ono ija. Ndi yaikulu ija.

Aurèle anayesetsa kundiletsa, munthu wachilungamo. Akuti mayi, mkono wanu suizungulira imeneyi, khosi lake ndi lalikulu, mudzangoiika pakona. Akuti kaganizeni kaye, sitolo siithawa. Ndinamuuza kuti atambasule dzanja lake. Nditaliyang'ana ndinati la mwana wanga ndi lalikulu kuposa ili, zala zake ndi zonenepa ngati za bambo ake. Akuti ngati ndi choncho, khosi limeneli ndi lake ndithu. Anaiika m'chikwama.

Inde, ndikudziwa kuti unasiya kalekale. Udzati zala zinafewa, nyimbo unaiwala. Bodza. Bambo ako anakuphunzitsa pa khitchini pano usanayambe n'kumeta komwe ndevu, ndipo zoterozo siziiwalika. Ukalakwitsa, ndani adzakuseke? Ine ndidzakhala nditakufulatira, manja ali m'madzi.

Sindikukupempha kuti usiye ntchito, kapena kuti ubwerere kudzakhala kuno. Ndikudziwa kuti nkhanu sizikudyetsanso mabanja ngati kale. Ndikupempha Khirisimasi yokhayi. Tikiti ija unati undigulire, dzigulire wekha. Akuluakulu a kuntchito kwako uwauze kuti amayi ako akudwala, sukhala ukunama kwenikweni. Ngati a Josée ndi Noémie angathe kubwera nawe, nyumba idzadzaza ndipo ndidzaphika nkhuku ya msuzi ija umaikonda. Ngati sangathe, bwera wekha, ngakhale kwa masiku ochepa.

Ndakusowa, Rhéal. Ndasowa munthu m'nyumba muno.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti magolovesi aja ananditumizira akundithandiza kwambiri. Noémie umupsompsone pamphumi, umuuze kuti agogo ake akumufuna. Ukakumana ndi ana a malume ako a Fidèle, uwauze kuti bambo awo akadali moyo, aziimba foni. Édithe akupereka moni, akuti ukanenepa usabwere.

Mulungu akusunge pamsewu ndi pantchito, akupatse tulo tabwino, ndipo afewetse mitima ya mabwana ako. Ukandiyankha usandifunse ngati ndili bwino. Ungondiuza tsiku.

Ndine mayi ako,
Célanie Haché