Kathumba ka M'kapamba

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Makina anga osokera akulirabe, ngakhale maso ayamba kukana ulusi wakuda.

Khala pansi kaye. Pali nkhani imene ndakubisira zaka zitatu.

Ukukumbuka nditagwa pampando ndikupachika makatani a kasitomala? Kuchipatala anandijambula poganiza kuti nthiti zathyoka. Nthiti zinali bwinobwino, koma adokotala anandilozera kadontho pachithunzi. Anati ndi kathumba ka madzi m'kapamba, kuseri kwa chifu, kakang'ono ngati batani la malaya a khanda. Anati timatumba tambiri totere timangokhala phee mpaka munthu kukalamba, koma tina timasintha, ndiye azikayang'ana chaka ndi chaka.

Ndikapita kukajambulidwa amandivula ndolo ndi mapini onse, n'kundigoneka pakabedi kolowa m'chimpaipi choyera. Chimagogoda ngati matelala khumi akusoka pamodzi. Mayi woyendetsa makinawo amandiuza ndikoke mpweya, ndiugwire.

Ndikatseka maso, mng'ono wanga, ndimachokamo. Ndimapezeka pansi pa tebulo la malemu amayi, dzuwa likulowera pazenera, tizidutswa ta nsalu tikutigwera m'tsitsi, iwe ndi ine tikupikisana kugwira mpweya. Unkapambana chifukwa unkapumira m'mphuno mobera, kathyali iwe. Chaka chatha ndinaseka m'menemo mpaka chithunzi chinawonongeka. Mayi uja anandifunsa ngati m'makina mwawo mwalowa wanthabwala.

Lachiwiri lapitali adokotala anandandalika zithunzi zonse patebulo. Kathumba kaja kakula, tsopano kafika pa batani la jekete. Anayankhula mofatsa, anati sakufuna kulosera. Akufuna kulowetsa kapaipi ka kamera kukamwa, atengeko madzi pang'ono akawayeze. Adzandigonetsa tulo, ndipo sadzandilola kutuluka popanda wondigwira mkono.

Pa pepala lawo pali mzere wolembapo wachibale. Zaka zonsezi ndakhala ndikulembapo dzina lako ndi nambala yako, iwe osadziwa. Anesi atandifunsa ngati mwini dzinayo akudziwa, ndinanama kuti eee. Ndinkati ine ndinakubereka kumbuyo, ndingakulilire bwanji? Ndikhululukire.

Tsopano ndikukulilira. Bwera. Ndi Lachinayi loyamba la mwezi wamawa, m'mawa. Sudzagwira ntchito iliyonse, ndikungofuna kuti potsegula maso ndidzaone nkhope yakwathu. Ndikudziwa kuti wapsa mtima. Usunge ukaliwo, udzandikalipire mankhwala asanandithere m'mutu, ndi tsiku lokhalo limene sindidzakuyankha.

Upereke moni kwa alamu, uwauze akubwereke kwa ine masiku atatu okha. Ana uwapsompsone, koma usawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino panjira.

Ndine mkulu wako,
Telala uja wouma mutu