Esikago za Salama

Lolemba, 8 Januwale
Mvula osakata. Mpiru wanga nkhono zaumaliza. M'mawa ndapeza Salama, mayi wa ku Congo amene akuchita lendi kuseri kwa apongozi, akuzitolera m'chidebe. Ndimayesa akundithandiza. Akuti ayi, ndi ndiwo! Ndaseka mpaka misozi. Iye manyazi olo pang'ono.

Lachitatu, 10 Januwale
Wandiphunzitsa dzina lake m'Chifalansa: escargot. Polemba t alipo, potchula palibe: esikago. Akuti mawu ndi omwewo kaya ili m'dimba kaya m'mbale, ndipo munthu woyenda mozengereza amamufanizira nayo. Amuna anga a Gilford akuti mawuwo anawaonapo pa menyu ku hotela ina m'tauni. Mayi ameneyu! Zilankhulo zinayi, ana atatu (Zaki ndi ang'ono ake) akulera yekha, koma kuseka tsiku lililonse.

Lachinayi, 11 Januwale
Pa mpope akunong'ona kuti nkhonozo n'zokhwimira geni ya Salama ya zitenje. Apongozi amva. Akuti mwezi ukatha asamuke. Ine ndinali pomwepo. Chikwatiwireni sindinawayankhepo.

Loweruka, 13 Januwale
Salama wamva. Sanalire, sanatukwane. Watulutsa mbaula pakati pa bwalo. Kutsuka nkhono ndi mchere ndi mandimu, kuwiritsa, kukazinga ndi adyo ndi tsabola. Fungo mpaka kumsewu. Aneba aunjikana pageti.

Wagwada pamaso pa apongozi. “Amayi, za mankhwala munthu sadyetsa ana ake. Taonani.” Wakhala pamkeka, iye ndi ana n'kuyamba kudya.

Miyendo yanga yangonditengera pamkekapo. Ndatola imodzi. Ngati nthutumba ya nkhuku, koma yofewa.

“Edna, wapenga?” Apongozi amenewo.

“Ayi Amayi. Koma mukamuthamangitsa mayiyu, mumulakwira.”

Apongozi atembenuka. Alowa m'nyumba.

Lamulungu, 14 Januwale
Popita kutchalitchi apongozi sanandilankhule njira yonse. Ulaliki sindinaumve.

Pobwera sanakhotere kwawo. Alunjika pakhomo pa Salama, Baibulo lili m'khwapa. Ndati basi, zathera pano.

“Amake Zaki! Zinthu zanu zija muziphikira kuseri, osati pabwalo panga. Denga lanu lodonthalo Gilford adzakonza Loweruka.”

Salama wawomba m'manja, wathokoza. Apongozi atatembenuka, wanditsinzinira diso.