Phukusi Lochokera ku Likoma

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Tsiku lomaliza pa Likoma. Mawa sitima. Achimwene a Jamali akufuna tiziwathokoza m'mawa, masana ndi madzulo, poti ndi iwo anatibweretsa kuno, ine, amayi ndi alamu a Cathy. Ankati amayi apitidweko mphepo, chifukwa chimwalirireni abambo chaka chatha sanasekepo.

Koma amayiwo mphepo yake iti? M'nyanja sanalowemo, tchalitchi chachikulu chija sanakachione. Masana aliwonse ali pakhonde pa a Amiri, amalume ake a Steward wotiyendetsa pa boti uja, kumwa tiyi. Akuti a Amiri ndi akwathu, a ku Kanyenda, anabwera kuno kalekale kudzakonza mainjini a maboti, ndipo akazi awo anamwalira. Kuwoloka nyanja yonseyi kudzakambirana za amene anafa ndi amene atsala ku Kanyenda! Akuluakulu sindiwamvetsa.

Steward wandiphunzitsa kupalasa bwato. Ndagwera m'madzi. Waseka mpaka kutsokomola, chitsiru.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

M'sitima. Mwera wavuta, cholembera chikungovina.

Pagombe panali chipwirikiti: matumba a usipa, nkhuku, matiresi, aliyense kulimbirana timaboti totengera anthu ku sitima. Mwendo wina uli kale m'boti, ndangoona Steward akundipatsa phukusi la m'jumbo yakuda. "Asisi a Sofiya, mugwire bwino, lisanyowe. Mukatsegulire kunyumba." Ndisanatsegule pakamwa injini yalira, tanyamuka.

Kunyumba kutali. Ndatsegulira momwemuno, ine ndi alamu. Muli chitenje chatsopano chobiriwira cha maluwa achikasu, mpango, sopo wonunkhira ndi nsapato zachikopa. Kalata mulibe.

Alamu anagwira pakamwa. "Alamu, mwatomeredwa! Ichi ndi chikole." Ndinati asandiseke. Iwo akuti mwamuna sagulira mkazi chitenje ndi nsapato chifukwa cha moni. Akuti ndikasunga ndiye kuti ndalola, ndikakana ndibweze pa sitima yomweyi ikamabwerera ku Likoma Loweruka. Likadutsa Loweruka zili m'nyumba, nkhani yatha.

Munthu woti sanandiuzepo ngakhale kuti mwatchena! Sabata yonse ntchito kundiseka basi.

Amayi agona pamkeka pafupi ndi matumba a usipa, nyanja yawazunguza mutu. Anadzutsa mutu kamodzi. "Phukusi lija lili kuti?" Kodi analiona? Ndinayankha kuti ndi nsomba zouma. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagonanso.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tafika. Ku Nkhotakota kuno ndi monga mwa masiku onse, sitima kuima kutali, kaboti kutisiya madzi ali m'chiuno. Amayi anakana kuberekedwa ndi amuna onyamula anthu aja, anawoloka okha. Ine phukusi ndinalisenza pamutu ngati muli mazira, foni n'kuiiwala m'thumba la siketi. Yamwa madzi, yafa. Phukusi louma bwinobwino. Ndiye nzeru zanga zimenezo.

Achimwene ndi alamu akwera minibasi ya ku Dwangwa, mawa ali pa ntchito. Nambala ya Steward ili m'foni ya achimwene. Ndikanayamba bwanji kuipempha? Alamu potsanzika anandinong'oneza kuti, "Loweruka, musaiwale."

Nyumba ikununkha chinyezi. Mbuzi za aneba zadya mpiru wonse.

Madzulo ndinayesa nsapato zija. Zazikulu! Phazi likungosambiramo. Sabata yathunthu ndinkayenda wopanda nsapato pamaso pake, osaona kuti phazi langa ndi laling'ono? Ndakwiya. Kenako ndadzifunsa chimene ndikukwiyira, poti ndikubweza. Kodi ndikubweza?

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndathira mchere mu tiyi.

Kusukulu titsegula mwezi wamawa, ndiye palibe chondisokoneza, mutu ukungozungulira pamodzimodzi. Steward ndi wa tchalitchi, ife ndife Asilamu. Nanga mpangowo akutanthauza chiyani? Kuti walemekeza chipembedzo changa? Kapena anangofunsa wogulitsa kuti akazi a ku Nkhotakota amavala chiyani? Komanso munthu wolongosoka amatuma akuluakulu kwa amalume, osati kumuunjika mwana wa eni ndi jumbo pagombe ngati akumutuma kuchigayo.

Chikhalirecho ndikakumbukira mmene anandivuulira m'madzi muja, akuseka, mtima ukuchita zake. Ndalemba, ndalemba. Ndimamufuna.

Amayi nawo sindikuwamvetsa. Asesa bwalo kawiri. Atulutsa majuba a abambo, mikanjo yawo yopempherera, m'sutikesi, awayanika padzuwa, awapinda, akuti akawapereka kumzikiti. Chaka chonse sankalola munthu kuikhudza sutikesi imeneyo. Kenako andifunsa kuti, "Nsomba zako zija sitidya?" Ndati zikufunika ziume kaye. Akuti, "Ooh."

Phukusi lili pansi pa bedi, kuseri kwa beseni.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndinapita kumsika kukakonzetsa foni. Wokonzayo akuti ndiiike mu mpunga. Mpunga ndili nawo kunyumba, bambo, ndimafuna foni.

Pobwerera ndinapeza amayi atakhala pakhonde okhaokha, manja pamiyendo, akuyang'ana kumsewu. Anaoneka ochepa. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa yankho. Ndingawasiye bwanji? Achimwene ali ku Dwangwa ndi banja lawo. Ndikapita kuchilumba, adzawatungira madzi ndani, adzawaperekeza kuchipatala ndani BP ikakwera? Mphunzitsi mnzanga wina wa ku Benga atandifunsira ndinamukana pa chifukwa chomwechi, ndipo sindinafe.

Ndagwirizana ndi mayi wina wogula usipa ku Likoma, akwera mawa. Akamupatsa Steward phukusili m'manja. Mawu sinditumiza, phukusi lidzanena lokha.

Ndalira m'bafa kuti amayi asamve. Kulirira munthu wosadziwa ngakhale saizi ya phazi langa.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndinadzuka, ndinasamba, ndinagwada kuti nditenge phukusi. Jumbo ilipo, koma yopanda kanthu. Ndinasuntha beseni, ndinakutumula zofunda. Ndinati mwina akuba, kapena ndapenga.

Kutuluka panja, amayi ali chiimire pakhonde. Chitenje chobiriwira m'chiuno, mpango kumutu, fungo la sopo uja bwalo lonse. Nsapato zawakwana ndendende.

Ndinakuwa. "Amayi, vulani! Zimenezo ndi zobweza! Mukavala ndiye kuti ndalola!"

"Walola iwe?" anatero. "Zako ndi ziti pamenepa?"

Ndinayang'ana nsapato zija, ndinayang'ana phazi lawo.

Anakhala pampando, osandiyang'ana, akusalaza chitenje pabondo. Akuti ndi zawo, zochokera kwa a Amiri. Munthu wamkulu sangapereke yekha zinthu zotere, amatuma mwana wa mlongo wake. Ndipo Steward sakanawapatsa iwo m'manja pagulu, anthu onse aja akuona, n'chifukwa chake anapatsira ine kuti ndiwanyamulire. Akuti ankadikira kuti ndiwapatsa tikafika, koma ine ndinati ndi nsomba.

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikanayamba bwanji, kwa mwana wanga? Ndimati wazindikira, ndiye wabisa chifukwa sukufuna."

Manyazi amene ndinamva, ndikanakonda nthaka ikanangondimeza. Masiku onsewa kusowa tulo, kuthira mchere mu tiyi, kulira m'bafa, chikole cha amayi anga! Ndiye kuti Steward sanandipatse kalikonse. Ngakhale sopo.

Ndinafunsa ngati akudziwa kuti sitima ikanyamuka zili pathupi pawo, alola. Akuti mwambo anaudziwa ine ndisanabadwe. Akuti a Amiri atuma anthu kwa amalume anga mwezi wamawa. Kenako mawu anatsika.

"Chimene chimandigwira ndiwe, Sofiya. Dzulo lonse ndimaganiza zobweza. Ndimati ndikapita kuchilumba, mwanayu atsala ndi ndani m'nyumba muno? Ukwati amakana, anzake alibe. Ukati ndivule, ndivula. Nthawi ilipo."

Anayamba kumasula lamba wa nsapato yakumanzere.

Ine ndimakhalira iwo, iwo amakhalira ine. Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ndiye ndinachita zonse ziwiri. Kunyanja sitima inaliza hutala. Mayi wa usipa uja ayenera kuti anandidikira mpaka kutopa.

Ndinagwada, ndinachotsa dzanja lawo, ndinamangitsanso lamba uja.