Magazi a Mkazi Amene Anandilanda Banja

Lolemba, 9 Juni
Timabotolo ta magazi makumi anayi mu labu yathu ya pachipatala lero. Kachisanu ndi chiwiri, dzina lake. Mkazi amene anandilanda mwamuna. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Ine zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba muja, osaona ngakhale padera. Apongozi aja: "Nkhuku yosaikira imangotha chakudya."

Lachiwiri, 10 Juni
Fibirinojeni, yothandiza magazi kuundana: 5.8. Makina alemba zofiira poti amayerekeza ndi munthu wopanda mimba, 2 mpaka 4. Kwa woyembekezera wathanzi imakwera ndithu, mpaka 6 palibe vuto. Timayenera kulemba zimenezo m'munsi mwa pepala. Sindinalembe. Aone zofiira, asowe mtendere.

Lachisanu, 13 Juni
Bambo aja anali amuna anga aimba foni, koyamba chichokereni. "Mkazi wanga sakudya, akungolira. Tandimasulirani pepalali." Mkazi wanga! Kundiuza ine. Ndati kafunseni adokotala. Masana ndadya mpaka kunyambita zala.

Lachitatu, 25 Juni
Mkazi uja amugoneka m'wodi. M'mimba kupweteka, timagazi pang'ono. Kabotolo kake kafika 10 koloko m'mawa. Fibirinojeni 2.3. Makina sanalembe zofiira, kwa iwo zili bwino. Koma kwa wa mimba yaikulu chonchi, ndiye kuti magazi akutayika m'kati. Dokotala wa lero ndi watsopano, amangosaka zofiira papepala.
Kungosayina basi. Ndani angandiloze chala?
Ndayezanso. 2.1.
Ndakhala pampando, maso pa wotchi. Mphindi zinayi zathunthu. Ndaganiza za katundu wanga m'matumba apulasitiki pakhonde, mkaziyo ataima pazenera langa.
Kenako ndathamangira kuwodi, magolovesi ali m'manja.

Lachinayi, 26 Juni
Opaleshoni, magazi mapaketi atatu. Onse ali moyo. Mwana wamkazi.
Apongozi andipeza pakhomo la labu, agwada pasimenti. "Mwanangu, Mulungu akudalitseni." Ndawalambalala. Sindinakhululuke, asandiyese mngelo.

Loweruka, 28 Juni
Mwana akadali pa makina opumira. Namwino wakuwodi akuti anasowa mpweya asanatuluke, pa zoterezi mphindi iliyonse imawerengedwa. Wanena akundisisita phewa, kundiyamikira changu.
Ndapita kukasuzumira pagalasi. Kakang'ono, makutu a bambo ake.
Za mphindi zinayi zija sindinauze munthu.