Akuti Ndatumbiza

Lachiwiri, 13 Febuluwale 1996

Ku Queens. Zotsatira zatuluka. Khansa ya bere. Dokotala wanena kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono ngati ndine gonthi. Akuti yafika kale m'khwapa, sangayambe ndi kudula. Mankhwala a diripi kaye, pakatha milungu itatu iliyonse. Ine zaka 26. Miyezi isanu yonse ndakhala ndikuthowa ndi madzi otentha, kumati ndi mkaka waundana. Uchitsiru wanga.

Amuna anga a Yoswa anangofunsa kuti, "Nanga mwana?" Akuti Mwayi asiye bere lero lomwe. Mwana wa miyezi isanu ndi inayi.

Tachoka ku Limbe, tafika pa Songani. Potsika minibasi ndawalumbiritsa kuti amayi anga asamve. Chiikireni bambo m'manda chaka sichinathe, ndipo magazi awo amathamanga.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Mwayi akulira tsiku lachitatu. Amakoka bulauzi, ine kumukankha. Phala akulavula. Amayi nyumba yawo ili kuseri kwa nthochi pomwepa, amva zonse. Abwera, andiyang'ana kumaso, andiyang'ana pamimba, abwerera kwawo.

Lamulungu, 3 Malichi

Diripi yoyamba inali Lachitatu. Sindinkadziwa kuti munthu angasanze chonchi n'kukhalabe moyo. Lero ndatuluka pakati pa ulaliki, kukasanza kuseri kwa tchalitchi. Amayi a Mvano onse makosi kutembenuka.

Pobwerera, achemwali anga a Rabecca anditsina pamkono. "Eluby, watumbiza eti? Mwana akadali pabere, mimba ina kale? Manyazi mulibe anthu inu."

Ndinaima pamsewu. Koma ndithu: mwana ndamuletsa kuyamwa mwadzidzidzi, ndikusanza, ndikupitapita kuchipatala. Anawerengera bwino, yankho lokha ndiye analakwitsa. Sindinakane. Mulungu andikhululukire, ndinamva kupepuka.

Lachitatu, 6 Malichi

Ankhoswe anaitanidwa osatiuza. Anakhazika a Yoswa pamphasa pakati pa bwalo, atangofika kuchokera kokonza njinga, manja akadali ndi girisi. Amalume a Silas mawu okweza, mudzi wonse kumva. "Mkamwini wosaugwira mtima. Mukufuna kutiphera mdzukulu?"

Munthu amene chibadwire Mwayi amagona payekha pansi. Amene amanditsuka bala la pabere m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, osakwinya nkhope ndi fungo. Anangowerama n'kunena kuti, "Ndalakwa, makolo anga." Ndinali m'nyumba, ndaluma chitenje.

Atalowa ndinati tingoulula. Iwo akuti, "Kunyozedwa sikupweteka ngati diripi. Udzanena ukadzafuna iweyo."

Lachisanu, 22 Malichi

Diripi yachiwiri dzana. Wailesi yapita, ndiyo yatikweza minibasi. Tsitsi likutsalira pachipeso, lambiri. Ndalikwirira kudimba. Duku sindivulanso.

Mpunga wathu udzu okhaokha. Sindingathe kuwerama.

Amayi abwera masana ndi nsalu yoberekera. Akuti mwana wotumbizidwa sagona ndi mayi wake, kutentha kwa mimba kumamufooketsa, amatupa masaya. Ndisamubereke, ndisamufungate, ndisamayandikire kuti aiwale bere. Amutenga, ndi kambale kake komwe. Ine chilili pakhomo. Izi sindinaziganizire. Bodza langa lomwe landilanda mwana.

Lamulungu, 31 Malichi

Masiku asanu ndi anayi. Ndimamumva akuseka kuseri kwa nthochi. Ndikapita amayi amandibweza ndi dzanja, mwachifundo ndithu. "Pirira, ndi miyezi yochepa. Ukachira udzamutenga."

Miyezi yochepa. Akanadziwa.

A Rabecca andibweretsera mapapaya ndi matewera akale a mwana wawo, ochapa bwino. Akuti ndaonda, mimba ya mwana wamwamuna imatero. Ndathokoza. Atapita ndawaponya pansi pa bedi matewerawo, kenaka ndawatola n'kuwapinda. Sanalakwe iwo.

Lachiwiri, 9 Epulo

Queens. Msana wakhala ukuwawa, ine kumati ndi mabampu a minibasi. Ajambula. Yafika m'mafupa. Diripi ipitirira, koma ya kuchepetsa ululu basi. Zodula zija zatha. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Dokotala anayang'ana a Yoswa, osati ine. Nesi ndiye anandigwira phewa. "Muli ndi mwana? Muzikhala naye pafupi."

A Yoswa analira pa depoti, anthu akuona. Sindinawaonepo akulira. Ine misozi ayi. Ndimangowerenga mabasi.

Tafika kumudzi dzuwa likulowa, a Rabecca kutichingamira akuvina. Mwayi wayenda lero. Mapazi anayi, kuchokera pamtondo mpaka pamiyendo ya amayi. Aliyense waona. Ngakhale amalume a Silas aona.

Lachitatu, 10 Epulo

Ndawauza a Yoswa kuti lero asapite ku Songani. Avale malaya oyera aja, akaitane amalume ndi a Rabecca, koma a Yoswawo akhale pampando, osati pamphasa. Anthu amene anawatukwana awayang'ane kumaso.

Ndimati ndikuteteza mtima wa amayi. Mwina unali wanga.

Mawu sindinakonze. Ndingomasula duku, kenaka bulauzi. Aone okha chimene ndakhala ndikuyembekezera.

Amayi akakomoka tiwathira madzi. Koma Mwayi agona pamsana panga lero, msana uwawe usawawe.

Amayi ali pakhonde pawo, akupeta mpunga, akuimba nyimbo ya Pasaka. Mwayi wagwira chitenje chawo. Wandiona pawindo. Wasiya chitenje, akubwera yekha, ndipo ine cholembera chikadali m'ma