Buku la Amayi aliponya pansi

Lachiwiri, 14 Marichi 2006

Lero mtima ukundiwawa. Ndinaperekeza Amayi kuchipatala, ulendo wachitatu chibwerereni kuchokera ku Dedza pa 2 Marichi. Buku lawo lakuchipatala tinaliika pamzere 5 koloko m'mawa. Titafika pawindo, mayi wolemba mayina analitsegula n'kuliponya pansi. "Ili ndi lakumudzi. Agogo, kwanuko kulibe chipatala?" Amayi anagwada n'kulitola, akutsokomola, mpaka kumupepesa. Tabwerako opanda mankhwala.

Koma mayiyo amatunga pampopi umene ine ndimagulitsapo madzi kuno ku Chinsapo. Mawa ndowa zake ndizibweza kumbuyo mpaka madzi atasiya kutuluka. Akaone mmene zimawawira.

Kungoti Amayi akutsokomolabe kuchipindaku, ndipo tikabwererako Lachinayi, pawindo paja padzakhalanso mayi yemweyo...